Thobwa la alamu anga silinalakwikepo

Lachiwiri lapitali ndinaperekeza alamu anga, Mai Kamwendo, kuchoka ku Rotherham kupita ku Leeds, kuno kudziko la azungu, kukaonana ndi akauntanti. Ntchito yanga inali yonyamula chikwama basi.

Alamuwa amasamalira okalamba, koma kwa zaka zitatu akhalanso ndi kakampani kogulitsa thobwa la m'mabotolo. Khalidwe la thobwa mukulidziwa. Ukalitsekera limasasa, limafufuma, tsiku lachinayi chivindikiro chili kudenga. Iwo analimbana nalo mpaka anapeza njira yoti likhale milungu ingapo m'sitolo osasanduka mowa.

Ndiye anamva kuti boma la kuno limachotserako msonkho makampani ang'onoang'ono amene amachita kafukufuku. Ndalama ya msonkhoyo ikanagula makina otsekera mabotolo, iwo n'kusiya kunyamula okalamba, ntchito yomwe yawathera msana.

Akauntantiyo, a Gondwe, ndi munthu wa kwathu yemwe anabwera kudzaphunzira n'kukhazikika konkuno.

"Mai, boma likufuna kudziwa pamene munavutika," anatero a Gondwe. "Munayesa kangati? Zinakanika kangati?"

Alamu anakhala tsonga, n'kukonza mpango.

"Kukanika? Ayi, achimwene. Ine Mulungu wandikomera mtima. Chiyambire zonse zangoyenda bwinobwino."

Ine ndinayang'ana pansi. Denga la khitchini yawo lapakidwa penti kawiri, ndipo makwerero ndinagwira ndine.

A Gondwe anafotokoza modekha kuti ngati palibe chinavuta, ndiye kuti palibe chinafufuzidwa. Pafomu pamafunika miyeso, masiku, ndi zonse zomwe zinatayidwa. Kodi kope lolembamo zimenezi alamu ali nalo?

"Kope? Loti wina alione, mawa ndimve kuti anzathu a ku Salford ayamba kugulitsa lawo? Zonse zili muno," anatero akuloza mutu. "Dzanja limadziwa lokha."

Taonani tsoka lake. Chibadwire sindinamvepo za boma lofuna kuthandiza munthu chifukwa choti analephera. Lapezeka limodzi, ndiye lakumana ndi mtundu wa anthu osalephera.

Ife kodi tinalepherapo? Mayeso sitilephera, zotsatira ndizo zimachedwa. Ntchito satichotsa, timapuma kaye. Kutchalitchi umboni wathu umayambira pomwe zinatheka, zaka za misozi timazidumpha. Chithunzi chopita kumudzi timajambulitsa titatsamira galimoto ya eni. Thobwa losasa timalithira m'sinki zenera litatsekedwa, kuopa kuti adani angaseke. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma ife timamva m'mimba n'kukhala phee, tikumwetulira.

A Gondwe anayesa njira yomaliza.

"Nanga palibe amene ankalawa n'kukulemberani maganizo ake? Ngakhale pafoni, tingayambire pamenepo."

Nkhope ya alamu inawala. Anatulutsa foni n'kundiloza ine.

"Awa! Botolo lililonse latsopano amayamba kulawa ndi iwowa."

Anayamba kuwerenga mauthenga anga a zaka zitatu, mokweza, monyadira. "Lokoma zedi, alamu." "Ili ndiye laposa onse." "Manja anu ndi odala." Ngakhale lija la pa Isitala, lomwe linanditsegula m'mimba n'kundijombetsa kuntchito masiku awiri, ndinalilembera kuti "mwafikapo."

Manyazi anandigwira. Buku lokhalo la kafukufuku wa kampaniyi ndinalemba ndine, ndipo linali bodza kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Ine ndimati ndi ulemu.

A Gondwe anatseka fayilo. Anati nkhani yoti zonse zinangoyenda sangaitumize kuboma, ndipo yongopeka sangalembe. Alamu akakumbukira pomwe zinavuta, abwerenso.

M'sitima yobwerera, alamu anatsegula ndandanda ya mashifiti a sabata yamawa, dzanja lina likusisita msana. Patapita kanthawi anandifunsa chapansipansi, maso ali pawindo.

"Alamu, ndiuzeni zoona. Lija la pa Isitala silinakuvuteni?"

Mpata unali umenewo, abale. Inu mukanayankha chiyani?

"Ayi," ndinatero ine. "Linali lokoma."