Nkhope ya Papaya, Zala za Makala

Ntchito ya ku kiliniki ya maso sindinaifune. Azakhali anga ankasesa kumeneko, pa boma la Chongwe, ndipo atatopa kundiona nditangokhala pakhonde chisiyireni sukulu, anandikokera kwa a sisita oyang'anira. A sisita anandiyang'ana kamodzi. "Udziwa kuwerenga? Yamba mailo."

Mawa lake ndinayambadi. Ntchito yake inali yobwerezabwereza. Kuimika wodwala pa mzere wojambulidwa pansi, kumutseka diso limodzi, kuloza zilembo pa tchati. Wosadziwa kuwerenga amasonyeza ndi dzanja kumene miyendo ya E yaloza. Kenako kumudontheza mankhwala okulitsa mwana wa diso kuti dokotala aone mkati, n'kumuuza kuti adikire. Anthu amadana ndi kudikira. Inenso ndimadana nako, mtima wanga ndi wapachala. Dokotala ankachokera ku Lusaka Lachinayi lokha, ndiye tsikulo benchi inkadzaza mpaka panja.

Amake Dalitso anali telala wa pamsika. Anabwera chifukwa makasitomala anayamba kubweza madiresi, ati misoko njokhota. Diso lawo lamanja linkaona kachigamba kotuwa pakati pa chilichonse. Dokotala anawapatsa pepala la mizere yopingasana, iwo nati mizereyo ikupindika ngati njira ya ng'ombe. Anawatumiza ku Lusaka kukajambulitsa mkati mwa diso. Pa chithunzicho panaoneka madzi ataunjikana pansi pa retina, kachikopa ka kumbuyo kwa diso kamene timaonera, atakatukula ngati thuza la moto.

Dokotala anati madzi otere nthawi zambiri amauma okha, koma akakhalitsa retina imaonongeka osabwereranso. Anafunsa ngati akumwa mapiritsi, kubayidwa jekeseni, kapena kudzola mafuta oyeretsa khungu, poti ambiri mwa mafuta amenewa ali ndi mankhwala otchedwa siteroidi amene amakolezera matendawa. Amake Dalitso anakana zonse.

Miyezi inapita, madzi osaphwa. Lachinayi lina kukutentha, ndinawagwira chibwano kuti ndiwadontheze mankhwala. Zala zanga zinaterera. Fungo la mafuta oyeretsa khungu ndinalidziwa, chifukwa chubu cha mafuta omwewo chinali m'chikwama changa. Dokotala nayenso anali ataona kale. Anandiitanira pambali.

"Ine nakamba nalema," anatero. "Mwina mkazi mnzawo azamumvera. Kamba nawo."

Ndinawatengera kuseri kwa kiliniki. Sindidziwa kuzungulira.

"Amake Dalitso, mafuta aja lekani. Muzafa diso."

"Mafuta ati?"

"Amene mwanisiyira pa zala apa."

Anandigwira dzanja lomwelo n'kulitembenuza. Ngakhale maso awo anali ndi mankhwala, mfundo zakuda za zala zanga anaziona bwinobwino.

"Ona uyu! Nkhope ya papaya, zala za makala. Ndiwe uzaniphunzitsa, iwe?"

"Maso anga alibe vuto."

"Naine anga analibe. Bamuna banga ananikwatira nili so. Nikada, pamsika bazakamba ati nadwala. Ukaleka iwe, naine nizaleka."

Ndinapsa mtima. Diso ndi lawo, makina osokera ndi awo, ana odya pa makinawo ndi awo. Nkhope yanga ikulowapo pati? Ndinawasiya pomwepo n'kulowa mkati, ndikufuna kutenga chikwama ndizipita kwathu. Pakhomo ndinakumana ndi a sisita.

"Akamba chani?"

Ndinawauza. Sanaseke, sanandinyengerere. Anangoti, "Nanga iwe wayankha chani?"

Ndinasuzumira pawindo. Mayi uja anali atakweza mpendero wa chitenje chake pafupi ndi nkhope, akutseka diso ili, kutsegula ilo, kuyesa ngati ulusi wawongoka. Ndinatulutsa chubu changa n'kukachiika patebulo la dokotala. Iye anatiitana tonse awiri natiuza kuti mafuta otere sasiyidwa tsiku limodzi, khungu limalusa, tizichepetsa pang'onopang'ono monga atiuzire.

Linalusabe. Nkhope inatentha, inayabwa, ziphuphu mbwee, ndipo ndinada kuposa mmene ndinabadwira. Malo anga anali kutsogolo, pamene aliyense wolowa amayamba kuona ine. Anyamata oitanira maminibasi ankakuwa, "Sisita, malaiti anazima?" Mnyamata amene ndinkayenda naye anasiya kuimba foni. Amake Dalitso ankadutsa dala pa kiliniki kudzaona ngati ndikunama, inenso ndinkadutsa pa shopu yawo kukaona ngati akuda. Tinkangoyang'anana ngati akazi a mitala.

Chithunzi chotsatira chinaonetsa madzi ataphwa, moti zowotcha mkati mwa diso ndi kuwala kwa makina a leza, zimene dokotala ankaganiza, zinalekeka. Koma tinachedwa. Kachigamba kotuwa sikanachoke konse, ndipo mpaka lero ulusi amalowetsa m'singano ndi diso lamanzere. Kusoka akusoka, madiresi sabwezedwanso. Zikomo sananenepo. Anangonditumizira uthenga kuti yunifomu yanga njaitali ngati ya agogo, ndipite nayo. Anaipinda, msoko wake wowongoka bwino.

Ntchito ija ndinaisiya, kudikira Lachinayi kunanditopetsa. Mafuta sindinabwererenso. Chimene ndinatengako n'chakuti wodwala amakuyang'ana kaye asanakumvere, ngakhale atatsala ndi diso limodzi.