Gumbagumba ya Agogo aNamwale

Fungo la mafuta a makina osokera likandipeza paliponse, kaya kwa telala kaya mumsika, ndimabwerera pabalaza pa agogo anga aNamwale, kumudzi kwathu kufupi ndi Kamwendo, Lamulungu masana anthu ataweruka kutchalitchi, utsi wa makoko a mtedza ukulowera pazenera, nkhuku zikupalasa pansi pa nkhokwe, iwo atagwada pamphasa akudontheza mafutawo ndi nthenga m'gumbagumba yawo. Koma fungo limenelo silibwera lokha. Limabwera ndi mkwiyo umene wakana kuzizira mpaka lero, ine pano ndili ndi ana anga akuluakulu.

Gumbagumbayo inali chibokosi chathabwa chachitali ngati tebulo, cha miyendo inayi, pamwamba pali chivindikiro, m'kati muli wailesi ndi poimbira mbale zakuda zija za galamafoni. Agogo anaigula okha ku Kitwe, kumene anagwira ntchito yochapa zovala pachipatala zaka zambiri, ndipo munthu akalakwitsa n'kunena kuti anawagulira malemu amuna awo, ankamudula pakamwa: "Manja awa ndiwo anagula." Kutsogolo kwake kunali kachizindikiro ka kampani, kanjovu kachitsulo, choncho mudzi wonse unkangoitchula kuti Njovu. Inkayendera batire la galimoto limene ine, Esinati, ndinkakatchajitsa ku Kamwendo panjinga. Ntchito yanga ina inali kuipukuta. Singano yokha ndiyo sankandilola kuikhudza.

Ikayamba kuimba lumba wa ku Kongo, besi yake inkadutsa pansi n'kukulowa m'mapazi, masipuni amene ankakhala m'tambula mukabati n'kumalira okha ngerengere. Agogo ankatseka maso, chala chili m'mwamba. "Wamva? Zinazi zimakuwa. Njovu imalankhula."

Mawu amenewo sankalasa ine ayi. Ankalasa a Mateyu, aphunzitsi opuma amene ankakhala kuseri kwa mpanda wathu. Iwonso anali ndi gumbagumba, koma ya kampani ina, ya chizindikiro cha mphezi. Anthu awiriwa anakangana za makina awo moyo wanga wonse wa ubwana. Lamulungu lililonse a Mateyu ankabwera ndi kampando kawo, n'kumvetsera Njovu nkhope itakwinyika ngati alawa bwemba.

"ANamwale, chinthu chanuchi chili ndi chimfine. Woimbayo akumveka ngati ali m'mgolo."

"Aphunzitsi, inu ndi kaMphezi kanu kolira ngati udzudzu mungadziwe chiyani? Kaphunzitseni ana a e i o u."

Ankatukwanizana choncho mpaka tiyi kuzizira, sabata yamawa n'kuyambiranso pomwe analekezera.

Itafika nthawi ya matipate, katundu anayamba kusefukira kuchokera kuboda. Atsibweni anga a Lufeyo, mchimwene wawo wa amayi, ndiwo anali patsogolo pa geni imeneyo, lero ali ku Chipata mawa ali paboma. Tsiku lina anabweretsera agogo wailesi ya makaseti awiri, yothwanima magetsi ofiira ndi obiriwira. Agogo anaimvetsera pang'ono n'kunena kuti, "Iwe Lufeyo, kachitini aka ukapatse ana azikaseweretsa." Atsibweni anaseka, koma kuseka kwa mano okha. Chimene iwo ankafuna tonse tinkachidziwa: nyumba ya agogo inali pafupi ndi msewu, ndipo ankati ingakhale golosale yabwino agogowo atasamukira kwa amayi anga, amene ankagwira ntchito paboma. Agogo ankayankha kuti m'nyumba imeneyo adzatulukamo atanyamulidwa.

Kenaka kabatani ka Njovu kokwezera mawu kanayamba kukhekhereza. Kavuto kakang'ono! Atsibweni anadzipereka okha kuti aipititse kwa wokonza mawailesi. Anaikweza pangolo, agogo ataifunditsa bulangete lawo lomwe, akulondola ngoloyo mpaka pamsewu ngati akuperekeza mwana wopita kuchipatala. Inabwera patapita masabata, itapakidwa vanishi, ikunyezimira, kanjovu kaja katapukutidwa mbee.

Agogo anasamba m'manja, anasankha mbale imene ankaikonda, n'kutsitsa singano. Nyimbo inayamba. Iwo sanatseke maso. Anaima chilili, kenaka n'kukweza singanoyo.

"Iyi si Njovu yanga."

"Amayi, mwatani? Si iyi njovu yake pamaso panu?"

"Bokosi ndi langa. Mawu si anga. Mawu ake mwapita nawo kuti?"

Atsibweni anatembenukira kwa anthu amene anabwera kudzathandiza kutsitsa, n'kudzigogoda pamutu ndi chala. Ndinawaona ndi maso angawa. Chala chimenecho ndicho chinayambitsa zonse.

Nanenso ndinamva kuti zasintha. Nyimbo inkatuluka yowonda, yopanda m'mimba, ndipo masipuni a mukabati anali zii. Ndinanena. Atsibweni anandikalipira kuti mwana wa sitandade seveni ndisamalowerere nkhani za akuluakulu, ndikungotengera zonena za nkhalamba. Basi nkhani inafala mudzi wonse kuti aNamwale mutu wayamba kusokonekera, akuti munthu wina waba mawu m'bokosi. Amayi a pachitsime ankaseka atagwira pakamwa. Ana ankadutsa pamsewu akukuwa kuti, "Agogo, mawu apezeka?" Mayi amene anawalera theka la anthu amenewo, amene maukwati awo anavinira Njovu yomweyo! Anthu inu, manyazi kulibe?

Agogo anafuna kudzionera okha. Tsiku lina m'mawa anatenga mpeni kuti amasule zomangira za thabwa lakumbuyo kwa gumbagumba. Zinali zitamangidwa zolimba, mpeni unaterereka n'kuwacheka chala. Atsibweni anafika magazi akudontha pansi. Eee, anapeza chimene ankafuna! Anaitana anthu kuti adzaone mmene amayi awo akuphwanyira katundu wawo yemwe ndi mpeni. Tsiku lomwelo anatolera mipeni yonse ya m'nyumbamo, ndi chikwanje chomwe, n'kupita nazo. Ndiwo ndinkadula ndi mpeni wobwereka, agogo atakhala pambali ngati mwana woletsedwa kuyandikira moto. Anayamba kuwonda. Nthawi zina ankandifunsa motsitsa mawu, "Esinati, kapena n'zoona ndapenga?" Funso limenelo ndi limene sindidzawakhululukira nalo atsibweni anga.

Munthu mmodzi amene akanatha kuwathandiza, agogo anamutsekera okha chitseko. A Mateyu akabwera ndi kampando kawo, ankauzidwa kuti batire latha. Ndinawachonderera kuti awaimbire aphunzitsiwo amve. Anakana. "Munthu wa Mphezi amve Njovu ikulira chonchi? Aseke mpaka kumanda? Ndife kaye." Ukutu kunali kuuma mutu kwa agogo anga, ndipo pamenepo nawonso ankandipsetsa mtima.

Mapeto ake atsibweni anaitanitsa msonkhano wa banja, Loweruka lina m'mawa. Anabwera amayi kuchokera kuboma. Anabweranso a Sitefano, alongo awo a agogo, amene anali mwini mbumba, ndipo mawu awo ndiwo akanagamula ngati agogo akhale kapena asamuke. Matumba anali atakonzedwa kale oti alongedzeremo zovala. Kuti nkhani ithe bwinobwino, atsibweni anaitana mboni: a Mateyu. Anawerengera kuti munthu amene wakhala akunyoza Njovu zaka zonsezi anena pamaso pa onse kuti chinthucho chakhala chikulira moipa kuyambira kale.

Agogo atawaona aphunzitsi akulowa, anaweramitsa mutu. Sindinawaonepo atachepa choncho.

"Aphunzitsi," anatero atsibweni, "inu makinawa mumawadziwa. Tamvetserani, mutiuze ngati pali chasintha."

Atsibweni anaika mbale okha, singano n'kuigwetsa mwankhanza moti agogo anadzidzimuka ngati aponda minga. Nyimbo inayamba. A Mateyu anapendeketsa mutu. Anadzuka, n'kuika dzanja pathabwa. Anayang'ana mukabati, pa masipuni aja.

"Zimitsani."

"Mwamva, eti? Si mmene imalirira masiku onse?"

"Lufeyo, ine chinthu ichi ndachitukwana kuyambira iwe ukuvala kabudula. Chimene ndimatukwana ndimachidziwa. Njovu ili ndi chimfine, inde, ndipo ndidzafa ndikunena choncho. Koma ili ndi chifuwa. Ichi chilibe chifuwa. Ichi si Njovu."

Anandituma kunyumba kwawo kukatenga sikuludiraiva. Ndinathamanga osaona pansi. Atsibweni anayamba zoti wokonza uja analetsa kutsegula, zoti ziwonongeka, zoti nthawi yatha. A Sitefano anangoti, "Khala pansi, mphwanga." Thabwa litachoka, tonse tinasuzumira. Pamene pankakhala masipika aakulu aja panali mabowo awiri ozungulira, thabwa lake loyera posonyeza kukula kwa zimene zinachotsedwa. Pakati pa mabowowo panalendewera timasipika tiwiri tating'ono, tomangirira ndi waya ndi mphira ya chubu cha njinga. Tinali ta wailesi ya makaseti ija, imene agogo anaikana.

Kenaka atsibweni anayamba kutafuna mawu: kuti ku Chipata kuli bwana wina wosonkhanitsa makina akale a kampani imeneyi, kuti anawaumiriza kumugulitsa masipikawo, kuti masipika ndi masipika basi, ndani akanadziwa kuti nkhalamba ingasiyanitse. Tamvani! Anadziwa kuyambira tsiku loyamba kuti amayi awo akunena zoona, n'kumawaonerera akuwonda, akudzifunsa ngati apenga, iwo akuyeza ndi maso pamene adzaike mashelefu a golosale.

Ine ndinkadikira kuti nyumba igwe. Ndinkadikira kuti a Sitefano akalipe, amayi alire, wina agwade. Ayi ndithu. A Sitefano anatsokomola n'kunena kuti chibale ndi fupa sichiola, nkhaniyi ithere m'nyumba muno, anthu akunja asamve. Amayi anapinda matumba aja mwakachetechete. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anati, "Pepani amayi, tinakunenani misala." Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndinazionera pamenepo. Ndipo chifukwa nkhani inathera m'nyumba, kunja anthu ena anapitiriza kukhulupirira kuti aNamwale anadwalapo mutu.

Agogo analankhula kamodzi kokha. "Iwe Lufeyo, mipeni yanga ibwere lero."

Nyumba inatsala yawo. Madzulo a tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, a Mateyu anabwera atanyamula katoni. Munali masipika awiri aakulu, apadera a Mphezi yawo, amene anawasunga zaka zambiri osalola munthu kuwagwira.

"ANamwale, awa alowa bwinobwino m'mabowomo. Ndikumangirirani ndekha."

Agogo anawayang'ana masipikawo nthawi yaitali. Anawasisita ndi chala chija chinali ndi bala. Maso awo anali atadzaza misozi.

"Zikomo, aphunzitsi. Mwandichotsa manyazi lero, Mulungu akudalitseni. Koma Mphezi m'mimba mwa Njovu? Bola ikhale chete."

"Kuuma mutu kumeneku n'kumene kunakugulitsani chinthu cha chimfine."

"Tengani udzudzu wanu muzipita."

Onse awiri anaseka, koma a Mateyu anatuluka akupukuta m'maso. Kuyambira pamenepo agogo ndiwo ankanyamula mbale zawo Lamulungu masana kupita kuseri kwa mpanda, kukaziimba pa Mphezi, n'kumainyoza kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza. Njovu sinaimbenso. Ankaidonthezabe mafuta ndi nthenga, ine n'kumaipukuta, mpaka chaka chimene anamwalira, m'nyumba yawo yomweyo, n'kutulukamo atanyamulidwa monga ananenera.

Pamaliro atsibweni anabwereka zimasipika zazikulu za chinkuzamawu, n'kuima pamaso pa anthu kufotokoza mmene malemu amayi awo ankakondera nyimbo. Ndinachoka pamenepo kupita kuseri kwa nkhokwe, chifukwa ndikanakhala ndikanalankhula zoti mudzi sukanaiwala.

Gumbagumbayo ili kwanga, pabalaza. Pogawana katundu palibe anailimbirana, ankati ndi bokosi lopanda ntchito. Ana anga anandiuzapo kuti tiikemo masipika amakono. Ndinakana. Ndayendayenda m'misika ndi kwa okonza mawailesi kufunafuna masipika a kanjovu enieni, sindinawapeze, ndipo ena alionse sadzalowamo ine ndili moyo.

Atsibweni a Lufeyo akalipo, akalamba, makutu ayamba kuvuta. Chaka chatha anabwera kudzationa. Ndinawalandira, ndinawapatsa mpando, ndinawaphikira tiyi, pakuti ndi atsibweni anga. Akucheza ndi ana, anatambasula dzanja n'kuika kapu yawo pamwamba pa Njovu ngati ndi tebulo wamba.

"Atsibweni, chotsanipo kapu yanu."

Anandiyang'ana ngati sanamve. Ndinabwereza mokweza, kuti amve bwinobwino. Anaichotsa.