Mchere ndinkathira ndine

Zaka zija za chipani chimodzi, pamene sopo ndi mafuta ophikira tinkachita kuimira pamzere, ndinkakhala kwa akulu anga ku Chelstone. Ine ndinkatayipa makalata mu ofesi ya boma m'tauni. Iwo anali mayi wa ana asanu, wosajomba kumpingo.

Kwathu kum'mawa mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, akuti angadwalitse a m'nyumba. Akulu angawo anali atasiya kalekale kusamba. Ndiye tsiku lina nditaweruka anandiitanira kukhitchini n'kundipatsira kabotolo ka mchere.

"Iwe, ikako muchele. Vija vintu vabwelanso."

Ndinaseka. "Ba sisi, manje mwabwelela ku usikana?"

Kuseka kumeneko kumandinyansa mpaka lero. Ndinathira tsiku limenelo, mawa lake ndinathiranso, mwezi n'kutha, wina n'kutha. Ine ndikakhala kumwezi ankaitana mayi wa nyumba yoyandikana, motero msewu wonse unadziwa. Amayi a kumpingo anadziwa. Alamu anga anadziwa, poti ananyamula bulangeti lawo n'kumakagona pabalaza. Mwa anthu onsewa palibe ndi mmodzi yemwe amene anati tiyeni kuchipatala. Nkhawa yawo inali pa mphika. Azakhali athu a ku Kaunda Square akabwera, asanakhale n'komwe pansi, ankafunsa kuti, "Nanga muchele aika ndani?" Ndikati ndine, mtima wawo unkakhala m'malo.

Kenaka kunabwera fungo. Sindibisa, linkandinyansa, linali ngati madzi otsukira nsomba amene agonera m'beseni. Akulu angawo nsanza zawo ankachapa okha, nthawi zambiri popanda sopo, n'kuziyanika pa kachingwe kuseri kwa chimbudzi ataziphimba ndi chitenje. Azakhali anabweretsa mizu ya kwa sing'anga wa ku Makeni yoti azikhalira m'madzi. Ine wopita kusukulu, wodziwa kutayipa Chingerezi osayang'ana zala, nzeru zanga zinathera pa kutsekula mawindo.

Akulu anga anakagwa pamsika wa Chelstone ali pamzere wa sopo, chitenje chitanyowa mpaka ku akakolo. Amayi ogulitsa tomato ndiwo anawapezera galimoto. Nditafika kuchipatala, dokotala anafunsa kuti magaziwo anayamba liti. Akulu anga anayang'ana ine. Ndinkadziwa bwino lomwe, mvula inali itagwa zaka ziwiri ndikuthira mchere. Dokotalayo anati ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo yafalikira kale. Anati tikanabwera miyezi yoyambirira ija, mwina akanachitapo kanthu.

Akulu anga anamwalira m'nyengo yozizira, ataonda kutsala mafupa okhaokha.

Pamaliro azakhali anaimirira pakhomo kuwatamanda, mawu ali pamwamba kuti ndi akunja omwe amve. "Uyu anali mukazi wa mwambo. Olo siku limozi sanagwileko muchele. Onani bana bonse bali bwino." Amayi onse anagwedeza mitu kuvomereza.

Ine ndinali panja pamene ankaphika kabichi wa olira. Mayi wa nyumba yoyandikana uja anandipatsira paketi ya mchere, amvekere ndithire ndine poti dzanja langa linazolowera. Ndinaiika pansi n'kuthamangira kuseri kwa chimbudzi kukasanza. Kachingwe kaja kanali kakadali pomwepo, nsanza imodzi itaumirapo.