Mathero omwe ndinapeka pa Mayani

Ndinanama kuti filimu ija ndinaionera kale ku Lilongwe. Linali tsiku la msika pa Mayani, titapanikizana m'kanyumba ka vidiyo kuonera gawo lachiwiri la filimu ya karate. Munthu yemwe anamuphera mkulu wake m'gawo loyamba anali atabwera kudzabwezera, ndipo akathyola wina mkono, tonse tinkakuwa kuti, "Mmalize!"

Ndewu yomaliza itangoyamba, magetsi anazima. Onse anacheukira kwa ine, katswiri wa ku Lilongwe.

Pambali panga panali a Gelevazio, oyandikana nafe nyumba, omwe msuweni wawo anali atawazulira mbatatesi dimba lonse polimbirana malire. Filimu yonse iwo sanakuwe ngakhale kamodzi. Anandigwira bondo.

"Achimwene, wobwezerayu zinamuthera bwanji?"

Ndikanangoti sindikudziwa. Koma maso onse anali pa ine, pakamwa n'kundiyabwa.

"Anawamaliza onse," ndinatero. "Apolisi osamukhudza n'komwe. Anthu anachita kumunyamula pamapewa."

Anthu anaombera m'manja. A Gelevazio anangogwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kutuluka.

M'mawa mwake, ndikupita ku Misa, ndinawapeza pakhonde akunola chikwanje pamwala. Ndinaima kuti ndiwauze zoona. Koma zomwe zinatuluka pakamwa panga ndi "Mwadzuka bwanji, bambo?" basi, n'kuwonjeza liwiro ngati ndachedwa.

Patha milungu itatu. Msuweni uja akadutsa panjira amandipatsa moni mosangalala, ine n'kuyang'ana pansi. Mwala uja ndimaumva ukulira m'mawa uliwonse, ndipo mpaka lero sindinapite kukawauza a Gelevazio kuti mathero aja ndinapeka ndine.