A Tabita ndi Mbuzi Yobwereka

M'mudzi mwa Kamphinda, kumtunda kwa Chezi, ukafunsa kuti mphika waukulu wa paukwati uli kwa yani, sakuuza dzina la mwini mphika. Amangoti, "Kafunseni a Tabita." A Tabita Nankhoma alibe mphika wotero, ndipo mipando yawoyawo ilipo iwiri yokha, wina wotsimphina. Koma kwa zaka zoposa makumi awiri palibe maliro, chinkhoswe kapena ukwati umene unachitika m'mudzimo iwo osadutsa khomo ndi khomo kusonkhanitsa ziwiya. Amadziwa pamtima amene ali ndi mabenchi, amene ali ndi mbale zambiri, amene amabwereketsa ndi mtima umodzi ndi amene amabwereketsa uku akung'ung'udza. Chobwereka chilichonse chimabwerera kwa mwini wake mawa lake dzuwa lisanalowe, ndipo pa chimenechi ngakhale odana nawo amavomereza.

Anabadwira kufupi ndi Mvera, mwana wachinayi wa mkulu wa mpingo. Sukulu analekezera sitandade sikisi, kenaka anabwera ku Kamphinda pa chitengwa. Amuna awo anapita ku maesiteti a fodya ku Kasungu n'kuiwala njira yobwererera, koma a Tabita sanasamuke. Analera ana anayi ndi khasu komanso zitumbuwa zogulitsa m'mbali mwa msewu wa ku Salima. Mu Chigwirizano cha amayi a mpingo ndi iwo amasunga kiyi wa kachipinda ka mipando. Pakamwa pawo sipachedwa, mtima wawonso suchedwa, ndipo ziwirizi zawalowetsa m'mavuto kangapo.

Chinthu chimodzi anachitenga kwa mayi awo n'kuchigwira zolimba: mlendo akamabwera, pakhomo pazioneka. Umphawi ndi wa eni nyumba, mlendo asaupeze utayalidwa pabwalo. M'busa akamayendera odwala, a Tabita ankatsogola dzulo lake kukazira nyumba, kuikamo mpando ndi kansalu ka patebulo, kuti wodwalayo asagwetse nkhope. Anthu ankawayamika chifukwa cha zimenezi, ndipo ankayamika moyenera.

Kuseri kwa nyumba yawo kumakhala a Rakele, mayi wamasiye amene miyendo yake inatha ndi nyamakazi. Amakhala ndi mwana wawo Yosefe, bambo wa zaka makumi atatu ndi zisanu, wodwala khunyu. Yosefe anagwera pamoto ali mnyamata ndipo zala zake zinafota, khasu sagwira. Mankhwala ake ndi aulere kuchipatala, koma chipatalacho chili kutali, ndipo mwezi umene ndalama ya kabaza yasowa, matenda amabwerera ndi ukali. A Rakele sanapemphepo kanthu kwa munthu. Ukawapatsa moni amayankha kuti ali bwino ngakhale pamafuwa papita masiku awiri osayaka moto.

Mwezi wa Febuluwale, chimanga chikumasula, kunamveka kuti alembi a Mtukula Pakhomo akubwera. Kayendetsedwe ka chithandizochi si kachinsinsi. Alembi amayenda nyumba ndi nyumba ndi matabuleti, kufunsa za denga, za ziweto, za katundu wa m'nyumba, za amene amadwala, ndi kangati banja limadya patsiku. Mayankho amapita ku boma, kompyuta imandandalika mabanja kuyambira osaukitsitsa, ndipo amene amatengedwa ndi ochepa: osowa zedi, amenenso pakhomo pawo palibe munthu wamphamvu zogwira ntchito. Mayina amadzawerengedwa pagulu kuti anthu avomereze, ndipo wosakhutira ali ndi mwayi wodandaula. Zonsezi anafotokoza pamsonkhano, koma tsikulo a Tabita anali kumaliro kutsidya kwa dambo. Chimene chinafika m'makutu mwawo ndi mawu atatu okha: alendo a boma.

Anasuzumira m'nyumba mwa a Rakele n'kugwira pakamwa. Mphasa imodzi yong'ambika, mphika, ndowa yobooka, basi.

"Ayi, a Rakele, alendo a boma sangakupezeni chonchi ine ndili moyo," anatero.

Pofika madzulo nyumba inali itaziridwa. Munali mipando inayi ya pulasitiki ya Chigwirizano, tebulo ndi nsalu yake, mbale zisanu ndi imodzi za a Susana, matiresi a mwana wa a Tabita, ndi wailesi ya aphunzitsi a Obed. A Tabita atatuluka panja n'kuyang'ana, anaona kuti pabwalo pakuoneka ngati pabwinja. Anakatenga mbuzi ya a Benjamini, yathadzi yothyoka nyanga imodzi, n'kuikhomera chikhomo pafupi ndi khonde. Msipu unalipo wambiri, choncho a Benjamini sanafunse zambiri.

"Akakufunsani za kudya, musatichititse manyazi," anawatsina khutu a Rakele.

Mlembi anabwera, anakhala pampando wabwino, anafunsa mafunso ake, anajambula chithunzi, n'kupita. A Tabita anabweza zonse kwa eni ake, ndipo tsikulo anayenda mapewa ali m'mwamba.

Mayina anawerengedwa mu Julaye, pabwalo la sukulu. Wowerenga anali mayi wachitsikana wochokera ku boma, dzina lake Tikondwe, wolankhula mofatsa koma wosabwerera m'mbuyo. Anawerenga mpaka kumapeto, ndipo dzina la a Rakele silinamveke. A Tabita anadzambatuka chitenje chili m'manja.

"Pepani achemwali, kapena mwadumpha tsamba? M'mudzi muno muli munthu wovutika kuposa a Rakele? Kompyuta yanuyo inadya za yani?"

Anthu anaombera m'manja, poti funsolo linali m'mitima mwa ambiri. Tikondwe sanakwiye. Anatsegula tabuleti n'kuwaitana a Tabita pambali.

"Mayi, kompyuta imangowerenga zimene yapatsidwa. Pakhomo pa a Rakele panalembedwa mipando inayi, tebulo, matiresi, wailesi ndi mbuzi. Okha anayankha kuti amadya katatu. Chithunzi ndi ichi."

A Tabita anayang'ana. Mbuzi ya a Benjamini inali pomwepo, nyanga yake imodzi ili chilili, ikuyang'ana wojambula ngati mwini nyumba.

"Zonsezi ndinaika ndine," anatero a Tabita. "Ndinabwereka."

"Madandaulo timalandira, ndipo sabata yamawa ndibwera kudzaona," anatero Tikondwe. "Koma ndikuuzenitu zoona. Nyumba iliyonse imene yadandaula timaipeza ili mbee, mbuzi zitapita kwa achimwene, njinga ili m'munda. Ine ndidzadziwa bwanji kuti katunduyu sanangobisidwa? Popanda umboni sindingasinthe kanthu, ndipo kalembera wina ali kutali, mwina zaka zingapo."

Zaka zingapo! A Tabita anaganiza za njala ya mu Januwale, anaganiza za Yosefe akuphupha pansi pafupi ndi moto, ndipo anadziwa kuti a Rakele zaka zimenezo sangazione. Anachita manyazi, manyazi enieni owotcha kumaso, chifukwa chitseko chimene boma linatsegulira mnansi wawo anachitseka ndi iwo, ndi manja awo achifundowo.

Koma a Tabita si munthu wolira nthawi yaitali. Asanafike n'komwe kunyumba anali atadziwa chochita. Chovuta chinali kuwanyengerera a Rakele.

"Mukufuna mudzi wonse udzaonere umphawi wanga?" anafunsa a Rakele, maso ali pa mphasa. "Ndakalamba osapempha, a Tabita. Ndisiyeni ndife chomwecho."

A Tabita anagwada pakhomo, chinthu chimene amachita kutchalitchi kokha.

"Ndinakulakwirani ndine, mayi. Uku si kupempha ayi. Chithandizochi anachikonzera makomo onga lanu lino, dzina lanu linali ndi malo ake, ine n'kukhazikapo mipando ya eni. Mudzi ukadzaseka, udzaseka ine. Ngati simufuna chifukwa cha inu, lolani chifukwa cha Yosefe."

A Rakele anayang'ana mwana wawo, amene anali kukhonde akuyesa kumanga chingwe cha ndowa ndi zala zake zofotazo. Kenaka anagwedeza mutu kuvomera.

Tsiku limene Tikondwe anabwera, anaima pabwalo n'kukwinya nkhope. Ankayembekeza nyumba yopanda kanthu, koma anapeza zonse zili monga pachithunzi: mipando, tebulo, wailesi, mbuzi pachikhomo chake. A Tabita anali atabwerekanso chilichonse. Pansi pa mtengo wa mango panadzaza anthu, poti nkhani yoti a Tabita akukaulula tchimo pagulu palibe akanaiphonya.

"Achemwali, yerekezani ndi chithunzi chanu," anatero a Tabita. "Zakwana?"

"Zakwana."

"Tsopano tembenuzani mpandowo."

Tikondwe anatembenuza. Kunsi kwake kunali zilembo za penti yakuda, dzina la Chigwirizano ndi nambala, zofufutika ndi zaka. Kuno kwathu chiwiya chimene chimayenda m'maliro ndi m'maukwati chimakhala ndi chizindikiro cha mwini wake, apo ayi sichibwerera. Mbale zonse zinali ndi kamtanda kofiira kunsi.

"Za yani mbalezi?" anakuwa a Tabita.

"Zanga!" anayankha a Susana, n'kutulutsa m'chitenje zina ziwiri za kamtanda komweko.

Aphunzitsi a Obed anatsegula kumbuyo kwa wailesi n'kuonetsa dzina lawo. Matiresi anatuluka pamutu pa mwini wake, tebulo linatsatira. Chilichonse chikamatuluka anthu ankaseka, ndipo a Tabita ankalandira kusekako ataimirira nji.

"Nanga mbuzi?" anafunsa Tikondwe. "Imeneyi ilibe penti."

"Imeneyo idziyankhira yokha."

Mbuziyo inali ndi kamwana koyamwa, ndipo a Tabita anali atakasiya dala m'khola kwa a Benjamini kuyambira m'mawa. Atangomasula chingwe, inaliyatsa liwiro, kudutsa pakati pa anthu, kulumpha mizere ya mbatata, mpaka pakhomo la khola lake kutsidya kwa njira, ikulira ndipo kamwana kakuyankha m'kati. Tikondwe anaseka mpaka kupukuta misozi.

Kenaka analowa m'nyumba, ndipo kuseka kunatha. Munatsala mphasa, mphika ndi ndowa. A Rakele anasendera pansi pa dothi n'kumuyalira mlendo mphasayo. Tikondwe anakhala pakona pake, n'kuwakokera a Rakele kuti akhale limodzi.

"Agogo, ndikufunsaninso. Mumadya kangati patsiku?"

A Rakele anatembenukira kwa a Tabita, amene anaima pakhomo. A Tabita anayang'ana kumbali.

"Kamodzi," anatero a Rakele motsitsa mawu. "Likakhala tsiku labwino."

Tikondwe analemba. Dandaulo linapita ku boma, linatenga miyezi iwiri, ndipo mvula isanagwe dzina la a Rakele linalowa m'kaundula.

Chithandizocho si chuma, ndipo aliyense wonena kuti chimalemeretsa ndi wabodza. Koma pakhomo pa a Rakele moto umayaka tsiku lililonse, Yosefe sadumphanso mwezi wa mankhwala, ndipo pabwalo pakuyenda nkhuku zitatu zimene si zobwereka. Chaka chotsatira anthu anawasankha a Tabita kulowa m'komiti yoyang'anira chithandizochi m'deralo, ena ati chifukwa munthu amene anapsapo ndiye amadziwa pamene pakutentha. Masiku ano kukamveka kuti kukubwera alembi a chilichonse, amayendabe khomo ndi khomo monga kale, koma uthenga ndi wina: "Musabise kanthu, musabwereke kanthu. Nyumba sesani, koma ikhale yanu." M'busa akamabwera amazirabe nyumba ndi kuika kansalu, poti m'busa sayenda ndi tabuleti.

Mwezi wathawu kunali ukwati wa mdzukulu wa a Benjamini. A Tabita anazungulira mudzi ndi dengu lawo, ndipo pobwerera anadutsa pakhomo pa a Rakele osaima, monga ankachitira zaka zonse.

"A Tabita!" anaitana a Rakele. "Ife mwatidumphiranji?"

Anakwawira m'nyumba n'kutuluka ndi mbale ziwiri zatsopano. Kunsi kwake kunali timadontho titatu ta penti yobiriwira, tokhotakhota, toika Yosefe. A Tabita anazilandira ndi manja awiri.

"Mubweze mawa," anatero a Rakele, "dzuwa lisanalowe."