Nkhope ya azakhali ndi timitima ta pafoni

Amalume anga ndi wolemba zikwangwani. Ng'ombe yomwetulira ili pakhoma la butchala ija ndi dzanja lawo, chimodzimodzinso mitu isanu yometedwa mosiyanasiyana pakhomo la wometa. Anthu amawatchula kuti a Burashi, dzina lenileni linatsalira pachiphaso. Akhala m'kachipinda kamodzimodzi zaka makumi atatu, pakati pa mayi wina telala ndi bambo wokonza mafoni. M'katimo mumanunkha penti ndi palafini, ndipo maburashi amakhala m'zitini zodula pakati.

Kagwiridwe kawo ka ntchito kanandinyansa nditangobwera kuchokera kunja, kumene ndinakhala zaka khumi ndi chimodzi. Chikwangwani chikafika pakatikati, amachitulutsa n'kuchitsamiritsa pakhonde, iwo n'kukhala m'kati ngati akutsuka maburashi, khutu lili panja. Odutsa amalankhula zawo. "Nkhuku iyi ili ndi mapazi a bakha." "Mutu wachitatuwo wametedwa kapena wapsa ndi moto?" Akamva zokwanira amalowetsa bolodi lija n'kukonza. Sakwiya. Amati chinthu akachiyang'ana masiku atatu maso awo amafa nacho, ndiye amabwereka a anthu.

Ine ndinkaona ngati kudzinyozetsa. Kumene ndinali, wojambula saonetsa ntchito yosatha kwa munthu wongodutsa atanyamula kabichi. Ndiye nditapeza kuti kuseri kwa chitseko amasungako zithunzi zawozawo, nkhope za anthu zojambulidwa mwaluso lomwe butchala sangalilipire, ndinawatsegulira tsamba pa intaneti. Ndinawauza kuti zithunzi zimenezi zisamapite pakhonde, ziziikidwa patsambapo.

"Ndiye azizionapo ndani?" anafunsa.

"Dziko lonse, amalume."

"Dziko lonselo limadutsa nthawi yanji?"

Ndinangoseka. Tinaikapo zithunzi zisanu ndi chimodzi, iwo osasamala nazo. Chimene ankasamala nacho chinali chachisanu ndi chiwiri, nkhope ya akazi awo, azakhali anga, amene anamwalira zaka ziwiri zapitazo ine ndili kunja. Kumaliro sindinabwere. Amalume anali atalimbana nacho chithunzicho miyezi isanu ndi itatu, akuonera pa kachithunzi ka chiphaso, poti zina zonse zinali zosaoneka bwino. Duku lobiriwira linalipo, kachipsera ka pachipumi kanalipo, mphuno inali yomweyo.

"Koma si azakhali ako awa," anatero. "Ndikuona mayi wina wabwinobwino amene sindinakwatirane naye. Palakwika penapake, koma sindikupaona. Mawa ndichitulutsa panja."

Ndinakana zolimba. Ndinati azakhali si nkhuku ya pachikwangwani kuti aliyense wodutsa aziwaseka. Pa intaneti pali akatswiri, anthu odziwa kujambula, amenewo ndiye anene. Amalume anati, "Chabwino, Wakunja, funsa dziko lakolo." Ndinachijambula ndi foni, n'kuchiika patsamba paja, n'kulemba pansi pake kuti tikupempha ndemanga, chonde munene chimene chalakwika.

Tsiku loyamba kunabwera timitima khumi ndi tinayi. Munthu mmodzi analemba kuti "zabwino kwambiri", wina "pepani", wachitatu amagulitsa nsapato.

M'mawa uliwonse ndikangolowa, amalume ankafunsa asanandipatse ndi moni womwe. "Dziko lanena chiyani?"

"Timitima tafika makumi atatu."

"Kamtima ndiye kuti chiyani?"

"Ndiye kuti achikonda."

"Akonda chiyani? Mphuno? Duku?"

"Sananene."

"Munthu wamoyo, wa pakamwa, waona chithunzi, waponya kamtima, wapita?"

"Ndi mmene zimakhalira, amalume."

"Kuli anthu amwano kunja kuno."

Ndinayesa zonse zimene ndinkadziwa. Chithunzicho ndinachiika m'mawa, ndinachiikanso nthawi ya nkhomaliro pamene anthu a m'maofesi amakhala pafoni. Ndinachitumiza m'magulu atatu a ojambula, mmene aliyense amaponyamo chake n'kuthawa osayang'ana cha mnzake. Foni inkandiuza kuti anthu mazana awiri ndi khumi achiona. Mazana awiri ndi khumi, onse duu. Ndinafika pomaiyang'ana foniyo ndili m'bafa, ndili pamzere wa basi, ndikudya, ndipo ikanjenjemera ndimapeza kuti ndi wansapato uja. Mnzanga wina wa kusukulu kunja kuja anayankha ndithu, ndime yathunthu yokamba za kuwala ndi kulimba mtima kwa mitundu. Ndinawamasulira amalume monyadira.

"Mnzakoyo anawaonapo azakhali ako?"

"Ayi."

"Um'thokoze."

Kenako anandifunsa ine. "Nanga iwe ukuona bwanji?" Ine ndinachoka kuno ndili ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo kuyambira pamenepo azakhali ndinkawaona pafoni pokha, atayiyandikitsa kumaso mpaka kungooneka mphuno ndi diso limodzi. Inenso pachithunzi chija ndinali nditangoponyapo kamtima.

Lachitatu la sabata yachitatu ndinawapeza akutakasa chitini cha penti yoyera, ija yofufutira bolodi. Anati butchala akufuna chikwangwani chatsopano, ndipo bolodi la azakhali ndi la saizi yake. Loweruka alipaka.

"Miyezi isanu ndi itatu, amalume."

"Nkhope yawo ikundithawa, mphwanga. Ndikatsinzina masiku ano ndikuona mayi wa pabolodiyu. Ndikapitiriza kumuyang'ana ndiwaiwala enieniwo. Bola ndimufufute ndisanawataye onse."

Ndinapempha masiku atatu otsalawo. Ndinalembanso patsamba paja ndi zilembo zikuluzikulu, mwaukali, kuti sitikufuna timitima, tikufuna mawu. Pansi pa uthenga umenewo panabwera timitima tisanu ndi tinayi. Foni ija ndinatsala pang'ono kuiviika m'chitini chomwecho.

Loweruka m'mawa amalume anatsegula chitini n'kuyamba kutakasanso. Ine ndinanyamula bolodi lija, ndikuti ndikalijambule komaliza panja pomwe pali kuwala. Ndinalitsamiritsa pakhonde, pamalo pomwe khoma linaperepeseka ndi mabolodi a zaka makumi atatu. Sindinatulutse foni. Ndinangoima pambali ngati ndikudikira munthu.

Sipanathe mphindi zisanu. Mayi telala anatuluka, tepi ili m'khosi, mapini atatu ali pakamwa. Anaima, anachotsa mapini aja.

"Ameneyu ndi ndani?"

"Ndi azakhali," ndinatero.

"Azakhali ako ati?" Anasuzumira pakhomo. "A Burashi, mwawaimika ngati msilikali bwanji mnzanga? Munawaonapo liti akuyang'ana munthu mutu uli chilili chonchi? Khutu lakumanzere lija silinkamva. Ankapendeketsa mutu chonchi, kukupatsa lakumanjali, maso akubwera cham'mbali ngati akukukayikira." Anapendeketsa mutu wake kutionetsa, ndipo kwa kamphindi ndinawaona azakhali a ubwana wanga atayima pakhomo la khitchini akufunsa kuti wati chiyani.

Wokonza mafoni anatuluka naye, kasikuludiraiva kali m'manja. "Zoona zimenezo. Ndipo duku ankamangira mfundo mbali ya khutu lakufalo."

"Bodza, mfundo inkakhala kumbuyo. Ndinkawasokera ndine."

"Munkasoka madiresi inu, duku amasoka?"

"Iwe konza mafoni ako akubawo."

Anakangana choncho mpaka mayi wina wogulitsa nthochi anaima naye, n'kunena kuti milomo yatsekeka kwambiri, mayi aja sankamaliza kutseka pakamwa chifukwa nthawi zonse anali ndi choyankha.

Amalume anali ataima pakhomo, kamtengo kotakasira kakudontha penti yoyera pansapato yawo. Anayang'ana bolodi, anayang'ana kachithunzi ka chiphaso komwe kanamatidwa pakona pake.

"Wa kamera uja," anatero motsitsa mawu. "Anawagwira chibwano n'kuwawongola mutu. Ndinalipo tsiku limenelo. Azakhali ako anadandaula njira yonse."

Anabwerera m'kati n'kutseka chitini, kukhomerera chivundikiro ndi chidendene. Anatuluka ndi choko ndi kampando kawo. Sanalowetse bolodi. Pakhonde pomwepo analemba mzere wa khosi wopendekera, n'kutembenukira kwa telala.

"Chonchi, mayi?"

"Onjezani pang'ono. Mukuwaopa?"

Foni yanga inanjenjemera m'thumba. Mnzanga wa kunja uja anali atatumiza chithunzi chija kwa anzake, timitima tinali tikubwera. Ndinawauza amalume, mwina pofuna kuti ndisaoneke wolephereratu.

"Uwathokoze," anatero osacheuka. "Koma suntha pamenepo, Wakunja, ukutchinga anthu."

Ndinasuntha. Pofika masana mutu unali utapendekera, diso likubwera cham'mbali, mfundo ya duku isanagamulidwe chifukwa aneba aja anali asanagwirizane. Butchala anabwera kudzafunsa za chikwangwani chake, anauzidwa kuti akafune bolodi kwina. Atachoka, amalume ananyamula kampando kaja n'kukakhala mbali ya khutu lakumva, ndipo ndinawamva akung'ung'udza chinachake kwa azakhali, mokwezako mawu pang'ono.