Misozi yanga inalirira telala wa pa kanema

Loweruka lapitali tinkaika maliro a Kamwendo, aneba anga kuno ku Neno, bambo wofatsa uja ankagulitsa manachesi pamsika wa paboma. Amuna tinakhala pansi pa mtengo wa mango, amayi akuimba m'nyumba ya siwa. Masana kunabwera uthenga woti adzukulu agunda mwala kumanda, choncho tidikire.

Ine mtima unali kale kwina. Ndinadzuka ngati ndikukadzithandiza, ndinazungulira kuseri kwa nkhokwe, kenako liwiro la paboma.

Mukudziwa kuti wailesi ya kanema yangofika kumene m'dziko muno. Kwathu kuno alipo nayo ndi a Mbewe a golosale okha, yoyendera batire ya galimoto, mlongoti wake atamangirira pansungwi. Loweruka lililonse masana pamakhala sewero limene landigwira mtima. Ndi nkhani ya telala wina, Mofati, amene anatsekeredwa m'nthawi ya chipani chimodzi chifukwa cholankhula mosasamala pamowa. Watuluka matipate atabwera, ndipo wapeza mkazi wake atakwatiwa ndi munthu yemwe anamunenezayo.

N'chifukwa chiyani ndimalikonda? Silitilalikira. Masewero ambiri amatha ndi munthu wovala tayi akutiuza phunziro, ngati kuti ife tinalibe makutu. Ili ayi. Woneneza uja si chilombo, amalera bwino ana a Mofati, ndipo umafuna kumuda koma zimakanika. Anthu ake amalankhula ngati ife, amakhalanso chete ngati ife. Zimene makolo athu ankanong'ona atatseka chitseko, iwo akuzinena masanasana, ife titakhala pamatumba a feteleza kukamwa kuli yasa.

Tsiku limenelo Mofati anamwalira. Anagwera pamakina ake akusoka yunifolomu ya mwana amene anali asanamuitanepo kuti bambo. Ndinalira, abale. Munthu wamkulu wa ndevu zake, mamina ndi misozi pamodzi, mpaka a Mbewe anandibwereka kansalu kopukutira pakauntala.

Nditabwerera ndinapeza anthu ali kale kumanda, akuponya dothi lomaliza. Ndinalowerera kumbuyo kwa a kwaya, maso ali psuu, n'kumathokoza mumtima kuti palibe wandiona.

Lolemba m'mawa aNajere, mkazi wa malemu, anafika pakhomo panga atasenza dengu la manachesi. Anakhala pansi, mpango wakuda kumutu.

“Achimwene, ndabwera kudzathokoza,” anatero. “Kumanda kuja ndinakuonani maso anu. Abale awo enieni sanalire chotero. Sindinkadziwa kuti munkawakonda chonchi bambo a kunyumba.”

Kenako anandisendezera dengu lija.

“Awa ndi a mumtengo umene ankaukonda. Akanakhala moyo akanakupatsani okha, eti.”

Ndinalandira ndi manja awiri. Ndinayankha kuti zikomo, Mulungu akulimbitseni. Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire.

Tsono ndakhala ndikudzifunsa sabata yonseyi. Za Mofati ndikudziwa zonse: chifuwa chimene anachitenga kundende, nyimbo imene ankaimba posoka. Nanga a Kamwendo, amene mpanda wathu ndi umodzi, ankadwala chiyani? Ndinamva pamaliro pomwepo. Kuchipatala sindinapondeko. Ndinkangowapatsa moni wa pamsewu, uja wofunsa kuti muli bwanji miyendo ikupitirira.

Sindili ndekha, musandiyang'ane choncho. Pagolosale paja tsiku limenelo ndinawerenga nkhope zingapo zimene m'mawa zinali nane pansi pa mango. Tinangoyang'anizana, aliyense n'kuloza maso kukanema. Akuluakulu anati maliro n'kulirana. Ife tayamba kulirira anthu amene sadzabwera pamaliro athu, chifukwa kuwalirira n'kosavuta. Sapempha kuti tiwanyamule pamachira kuchokera kutali ku Dambe kupita kuchipatala, safuna kuti tigone pasiwa. Batire ikatha, chisoni chathanso.

Sewerolo sindikulinyoza. Ndi labwino, ndipo mwina ubwino wake ndi womwewu, kuti limatiphunzitsa kuyang'anitsitsa munthu mpaka kumumvera chisoni. Kulephera ndi kwanga, kuti ndinasiya maso amenewo pagolosale osabwera nawo kumudzi.

Manachesi aja akadali m'dengu pakona. Ana akuwapempha, ine ndikukaniza, ndipo ayamba kufota. Dengulo ndi la aNajere, liyenera kubwezedwa. Ndikakafika pakhomo pawo ndi kukhala pamphasa, ndikawauze kuti misozi ija inali ya yani?